Mukufuna kukazungulira New Zealand? Konzani ulendo wanu chonchi

Choyamba mapu asakupusitseni, dzikoli limaoneka laling'ono koma misewu yake ndi yokhotakhota, ya m'mapiri, ndiye mtunda womwe mukuyesa wa maola awiri umatha kukudyerani atatu. Ngati muli ndi masabata awiri okha ine ndingati sankhani South Island basi, chilumba chachikulu chakumwera. Akakhala atatu tsikirani ku Auckland, dzerani ku Rotorua mukaone akasupe otentha ndi chikhalidwe cha a Maori, kenako ku Wellington mukwere sitima yapamadzi yopita ku Picton ku South Island, imatenga maola atatu ndi theka ndipo galimoto nazo zimakwera, ngakhale makampani ena a hayala salola zawo kuwoloka, koma bukitsani msanga makamaka December mpaka February, ndi nthawi yotentha, anthu amachuluka heve.

Amayendetsa kumanzere ngati kwathu konkuno. Popita ku Milford Sound, kumwera kwa South Island komwe nyanja imalowa pakati pa mapiri, mukagone ku Te Anau osati Queenstown, kuchokera ku Queenstown ndi patali zedi, ndipo thiranitu mafuta ku Te Anau komweko.

Visa funsiranitu pa intaneti. Pa eyapoti chakudya chilichonse chomwe mwanyamula nenani, nsapato zamatope tsukani, apo ayi faindi yake ndi madola 400 a kumeneko.