Ndowe zaziwisi zikuwotcha mavwende m'madimba

Chilimwe chino ndayenda m'madimba angapo m'mbali mwa Shire ndi cha ku nyanja ya Malombe, ndipo zomwe ndikuona zikundiwawa. Mavwende akumera bwinobwino, koma pakangotha sabata ndi theka achita chikasu, m'mphepete mwa timasamba mwauma ngati mwawauka ndi moto. Mlimi amathamangira kunena kuti anamugulitsa mbewu yabodza. Mbewu ilibe mlandu. Fukulani phandolo muone: ndowe zotapa m'khola tsiku lomwelo lobzala.

Ndowe zikamawola zimatentha, n'kumatulutsa fungo loluma m'mphuno lija. Mizu ya vwende longomera kumene ndi yanthete, singapirire. Zitosi za nkhuku ndiye zoopsa koposa. Kuphatikiza ndi mmene mchenga wa kuno umatenthera Okutobala akamayandikira, ndiye kuti mbewu mwaiphika nokha. Zopulumuka zimalimbana ndi udzu, poti njere zake zimatuluka m'mimba mwa ng'ombe zili zamoyo. Pakiti ya mbewu ya mavwende a mtundu wa Crimson Sweet kapena Sugar Baby si yotchipa, ndipo vwende limafuna pafupifupi miyezi itatu kuti likhwime. Mukabzalanso mochedwa mudzakolola mvula itagwa, mavwende akuwolera pansi, ogula a mumsewu wa ku Monkey Bay atapita kale kwa anzanu.

Bambo wina wa kwa Chimwala anandiyankha kuti, "Alangizi, maungu timabzala pandowe chibadwire, sanafepo." Ndinawapempha apise dzanja mumulu womwe anatapapo. Analichotsa msangamsanga, n'kuseka. Maungu omwe amanenawo amamera pa khola lakale, pomwe ndowe zinawola kalekale. Nkhani imeneyi timaikamba chaka ndi chaka, koma ena mpaka lero ngolo imachoka kukhola n'kulunjika kudimba.

Tsono chitani izi. Unjikani ndowe pamthunzi, sakanizani ndi zinyalala, thirani madzi pang'ono, phimbani ndi udzu, muzitembenuza pakapita milungu iwiri kapena itatu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa apsa: akuda, ofumbutuka m'manja, ozizira, onunkhira ngati dothi. Sakanizani ndi dothi la pamwamba m'phando, musangowakhuthula. Mizere italikirane mamita awiri, mapando mita imodzi, njere ziwiri pa phando. Ngati muli ndi zaziwisi zokhazokha, chaka chino musathire m'phando, zisungeni za dimba likubwerali.