Momwe mungalangizire munthu mu Chizungu osamveka ngati mukumulamula

Anyamata ambiri operekeza alendo ku Cape Maclear ndi ogulitsa ziboliboli pa Monkey Bay Chizungu amachitha ndithu, koma ikafika nkhani yopereka malangizo mpomwe zimavuta. Umangomva "you must go there, you must buy this" mpaka mlendo kuchita tsinya. Must ndi wolemera abale, ndi wa malamulo, ngati wapolisi wakuimitsani pa rodibuloko.

Ndiye choyamba yezani kaye kulemera kwa nkhaniyo. Ngati ndi maganizo chabe oti munthu atha kutenga kapena kusiya, funsani funso. Ife timati "bwanji mupite mmawa?", azungu nawonso ali nazo: "Why don't you go to Otter Point in the morning?" kapena "How about taking a boat to Thumbi?" Apa chenjerani, how about amafuna -ing, ndiye taking osati take, pomwe why don't you mumangoti go basi osawonjezera kanthu. "You could try chambo" nayenso ndi wofewa bwino, munthu amamva kuti chisankho ndi chake.

Kachiwiri, mukakhala kuti mukutsimikiza kuti zimuthandiza, tengani should. "You should carry cash", poti kumidzi yakunyanja si paliponse pali ATM. Osaikapo to chonde, "you should to carry" palibe Chizungu chotero. Kuletsa ndi shouldn't: "You shouldn't leave your phone on the beach."

Kachitatu ndi amene ine ndimamukonda, "If I were you, I'd..." uja timati ndikanakhala ine. Ameneyu ngwaulemu, mutha kuuza munthu wamkulu ngakhale bwana wanu ku Joni osamukhumudwitsa chifukwa simukumuuza chochita, mukungonena zomwe inu mukanachita. Tiyerekeze ndi mu Julaye mwera wavuta, nyanja yachita thovu, asodzi akokera mabwato kumtunda koma mlendo akukakamira zopita ku chilumba cha Domwe, inu mungoti "If I were you, I'd wait until the wind drops", amva ameneyo. A Fomu 4 mukumbukire kuti pa mayeso amafuna were, ngakhale mumsewu mumva ena akuti was.

Had better musungireni pa zoopsa zokha. "You'd better not swim near the reeds", pamenepo mpake chifukwa mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, komanso m'mabango ndi momwe mumakhala nkhono za likodzo. Koma kuuza kasitomala "you'd better buy this" zimamveka ngati mukumuopseza.

Tinthu tiwiri timene timagwetsa ngakhale ophunzira: ndi "I suggest you leave early" osati "suggest you to leave", ndipo advice satenga s, mumati "some advice" kaya malangizowo achuluke bwanji.

Chomaliza perekani chifukwa, anthu amamvera msanga akadziwa chifukwa chake. "You should leave early because the minibus takes time to fill up." Yeserani ndi mnzanu pa WhatsApp, wina alembe vuto lake, foni yagwera mmadzi kapena basi yamusiya, winayo ayankhe ndi njira zitatu zosiyana, kenako musinthane.