Mmene Mungajambulire Mapu Osonyeza Kukula ndi Kuchepa kwa Ulamuliro wa Aroma

Aliyense amene anapitako ku Kachulu m'zaka zosiyana amadziwa kuti munthu sangajambule gombe la nyanja ya Chilwa kamodzi n'kunena kuti wamaliza, chifukwa pamene lero pakuyenda mabwato, chaka china pamakhala matope ong'aluka, monga zinakhalira mu 1968 ndi mu 1995 pamene nyanjayi inauma. Dera limene Aroma ankalamulira linalinso lotero. Mapu amene ambiri timawadziwa, aja a m'mabuku a kusukulu ndi a kumapeto kwa Mabaibulo ena, amasonyeza dera limodzi lalikulu lozungulira nyanja ya Mediterranean ngati kuti linakhala choncho kuyambira kalekale. Choncho ntchito yathu ndi yojambula mapu angapo, aliwonse okhala ndi chaka chake.

Choyamba, konzani mapu amodzi oyambira amene mudzawagwiritse ntchito mpaka kumapeto. Akhale oyambira ku Britain kumpoto kufika ku Aswan kummwera, komanso kuchokera ku nyanja ya Atlantic kumadzulo kufika ku Persian Gulf kummawa. Jambulanipo magombe, mapiri a Alps, chipululu cha Sahara ndi mitsinje ya Rhine, Danube, Euphrates ndi Nile, koma musaikepo malire a mayiko a masiku ano, chifukwa dzanja limakopeka kutsata mzere umene ulipo kale, ndipo mudzangoona kuti mwajambula France m'malo mwa Gaul. Mapu oyambirawo amateni pa galasi la zenera masana, n'kumasanjikizapo pepala loonekera limodzi pa chaka chilichonse chimene mwasankha. Ikani timitanda tiwiri m'makona a pepala lililonse kuti mapepalawo azikumana bwino mukawasanjikiza. M'miyezi ya mvula mapepala oterewa amapindika ndi chinyezi cha kuno ku Zomba, motero asungeni pakati pa mabuku olemera.

Kusankha zaka ndi kumene kumafuna nzeru. Musadumphe zaka 100 zilizonse mofanana, chifukwa malire ankatha kukhala bata kwa nthawi yaitali kenako n'kusintha kwambiri m'zaka khumi zokha. Yambani ndi 509 BC, chaka chimene mbiri ya Aroma eni ake imati anachotsa mafumu, pamene Roma anali kadontho chabe m'mbali mwa mtsinje wa Tiber. Pepala lachiwiri likhale la 264 BC, Aroma atagwira Italy yense wa kummwera kwa chigwa cha Po koma asanakhale ndi chigawo chilichonse kutsidya kwa nyanja. Lachitatu likhale la 146 BC, chaka chimene anawononga mizinda ya Carthage ku Africa ndi Corinth ku Greece, ndipo pamenepa Sicily, Sardinia, Corsica, mbali ya Spain ndi Macedonia zikhale zitalowa kale. Kenako jambulani la 14 AD, chaka chimene Augustus anamwalira, losonyeza Gaul amene Julius Caesar anagonjetsa pakati pa 58 ndi 50 BC, komanso Egypt amene analandidwa mu 30 BC. Kumbukirani kuti zaka za BC zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo, ndiponso kuti palibe chaka cha 0, pakuti kuiwala zimenezi kumasokoneza ndondomeko ya mapepala kuposa china chilichonse.

Tsopano tifike pa nkhani ya mitundu ya krayoni, imene ine ndinaiphunzira mochititsa manyazi. Nditayamba ntchitoyi ndi ophunzira anga, ndinapaka Judea krayoni yofiira pa mapu a nthawi imene Yesu anabadwa, mofanana ndi Italy, mpaka mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, ngati dziko lonseli linali la Aroma, nanga Herod anali mfumu ya ndani?” Funso lake linali lolondola ndipo mapu anga ndiwo anali olakwika. Herod anali mfumu yodalira Aroma, yokhala ndi asilikali ake ndi misonkho yake, koma yosatha kuchita zosemphana ndi zofuna za Roma. Judea anayamba kulamulidwa mwachindunji ndi bwanamkubwa wachiroma mu 6 AD, kenako anabwereranso m'manja mwa mfumu Agrippa kuyambira 41 mpaka 44 AD. Ife a kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, popeza atsamunda amene likulu lawo linali mumzinda uno ankalamuliranso madera ambiri kudzera mwa mafumu a eni dziko.

Pa chifukwa chimenechi gwiritsani ntchito mapakidwe atatu. Zigawo zolamulidwa mwachindunji muzipake mtundu wodzaza, maufumu odalira Aroma muwaike mizeremizere, ndipo madera amene asilikali anangofikako kapena kukhalako kwa kanthawi muwaike madontho. Ndi momwenso tingajambulire Chilwa moona mtima, posiyanitsa madzi enieni, dambo la mabango ndi chigwa chimene chimasefukira nthawi zina. Dera la pakati pa mitsinje ya Rhine ndi Elbe likuyenera madontho, chifukwa Aroma analisiya mkulu wa asilikali awo Varus atataya magulu atatu a asilikali m'nkhalango ya Teutoburg mu 9 AD. Armenia, amene Aroma ankalimbirana ndi ufumu wa kummawa wa Parthia, nthawi zambiri amayenera mizeremizere. Kummwera kwa zigawo za mu Africa musakoke mzere wakuda wolimba, koma mtunduwo uzizimiririka polowa m'chipululu.

Pepala la 117 AD ndi limene anthu amalikonda, chifukwa ndi pamene ulamulirowu unafika pachimake mu nthawi ya mfumu Trajan, pafupifupi masikweya kilomita 5 miliyoni, kuphatikizapo Britain amene Claudius analowa mu 43 AD ndi Dacia (kumene lero kuli Romania) amene anagonja mu 106 AD. Komabe ndi pepala lonyenga kwambiri mwa onse, pakuti Hadrian atangolowa ufumu chaka chomwecho anasiya Mesopotamia n'kubwezera malire ku Euphrates. Ine ndimalangiza kuti mujambulenso lina la 122 AD, chaka chimene anayamba kumanga khoma lake kumpoto kwa Britain, chifukwa limenelo ndilo likusonyeza maonekedwe amene anakhalitsa.

Kuchepa kwa deralo kumavuta kujambula kuposa kukula kwake. Pa pepala la 271 AD mufunika mitundu itatu yosiyana, chifukwa Gaul ndi Britain zinali ndi mafumu awoawo kuyambira 260, ndipo mfumukazi Zenobia wa mumzinda wa Palmyra anali atagwira Syria ndi Egypt, mpaka mfumu ya Aroma Aurelian anabwezeretsa zonse pofika 274, ngakhale kuti iye yemweyo ndiye anasiya Dacia. Pa pepala la 395 AD kokani mzere wogawa chigawo cha kumadzulo ndi cha kummawa, umene unakhazikika Theodosius atamwalira. Sonyezaninso likulu ndi kanyenyezi, pakuti monga likulu lathu linachoka kuno kupita ku Lilongwe mu 1975 koma Zomba n'kukhalabe ndi dzina lake, mafumu a kumadzulo anakhala ku Milan kenako ku Ravenna kuyambira 402, pamene a kummawa anali ku Constantinople, mzinda umene Constantine anautsegulira mu 330.

Ambiri amaika pensulo pansi pa 476 AD, pamene mkulu wa asilikali Odoacer anachotsa Romulus Augustulus, mfumu yomaliza ya kumadzulo, koma kutero n'kusiya ntchito pakati. Anthu a chigawo cha kummawa ankadzitchabe Aroma, ndipo dzina lakuti Byzantine, limene ufumu wawo umadziwika nalo lero, linafala pambuyo pake kudzera mwa olemba mbiri. Jambulani pepala la 565, chaka chimene Justinian anamwalira atalandanso Carthage ndi Italy, ndi lina la 700, Aluya atatenga Syria pambuyo pa nkhondo ya Yarmouk mu 636, Egypt pofika 642 ndi Carthage mu 698. Mukasanjikiza mapepala awiriwa pa zenera mudzaona ndi maso anu kuti pafupifupi gombe lonse la Africa lachoka m'zaka zosakwana 140.

Amene ali ndi kompyuta angachite zomwezi ndi pulogalamu yaulere ya QGIS, potenga magombe ndi mitsinje pa tsamba la pa intaneti la Natural Earth ndi malo a mizinda yakale pa tsamba la Pleiades. Dera lililonse mulipatse chaka cholowera, chaka chotulukira ndi mtundu wa ulamuliro, ndipo zaka za BC muzilembe ndi chizindikiro chochotsera, monga -146, kuti zisanjike bwino. Pewani mapu a mtundu wa Mercator, amene amakulitsa Britain n'kuchepetsa Egypt.

Mapepala otsiriza ndi a 1204, pamene ankhondo a mtanda analanda Constantinople ndipo ufumuwo unagawika zidutswa, ndi a kumayambiriro kwa 1453. Pa lomalizali songolani krayoni bwino, chifukwa chotsala chopaka ndi mzinda wa Constantinople, zilumba zochepa ndi chigawo cha Peloponnese kummwera kwa Greece, ndipo mzindawo unagwa m'manja mwa Mehmed II, mfumu ya ufumu wa Ottoman, pa 29 May chaka chomwecho.