Kukonzekera Ulendo wa Pandege Ngati Mumayendera Njinga ya Olumala

Mwafunsa kuti muyambire pati pokonza ulendo wa pandege ndi njinga yanu. Yambani ndi kampani ya ndege. Auzeni pogula tikiti, kapena kutatsala maola osachepera 48 kuti munyamuke, ndipo nenani mosabisa zimene thupi lanu limakwanitsa. Ngati simungakwere masitepe, akulembereni WCHS, chizindikiro chosonyeza thandizo limene mukufunika. Ngati simuyenda n'komwe, alembe WCHC, kuti akukonzereni kampando kopapatiza kokufikitsani pamalo anu.

Njinga ikakhala ya magetsi, atumizireni kulemera kwake, miyeso yake ndi mtundu wa batire. Batire la lithium lochotseka lisapitirire 300 Wh (muyeso wa mphamvu imene batire limasunga), ndipo mudzalowa nalo m'ndege.

Kenako malo ogona. Musakhutire akangoti "chipinda chathu n'choyenera aulumali". Pemphani zithunzi za bafa ndi chimbudzi, funsani m'lifupi mwa chitseko, funsaninso ngati pakhomo pali sitepe, chifukwa imodzi yokha ikhoza kukutsekerani panja.

Mankhwala ndi kalata ya dokotala zikhale m'chikwama cha m'manja. Musanapereke njinga pakhomo la ndege, ijambuleni mbali zonse, muchotse khushoni n'kukhala nayo. Ikabwera itawonongeka, perekani dandaulo lolemba musanatuluke pabwalo la ndege.