Girizi wa thirakitala yaing'ono ndi mchenga wathu wa ku Mangochi

Mwezi wa Okutobala chaka chatha ndinayendera kalabu ina ya alimi kufupi ndi nyanja ya Malombe. Thirakitala yawo ikamakhota inkalira kutsogolo ngati chitseko cha nkhokwe yakale. Nditafunsa dalaivala anati, "Girizi timapaka, alangizi, sabata iliyonse." Ndinamupempha kuti andionetse. Anatulutsa chitini cha penti chopanda chivundikiro chomwe chinkakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinapisamo chala n'kufikisa ndi chinzake, ndipo mchenga unamveka kukanda. Iye ankatapa ndi kamtengo n'kumata kunja kwa pini, pomwe nipo yolowetsera girizi inali itatsekeka ndi matope ouma a dzinja lapitalo. Mkati munali mouma gwaa, pini itadyeka mbali imodzi.

Mnyamatayu sanali waulesi. Panalibe yemwe anamuuzapo kuti girizi wopakidwa kunja amangoitana fumbi, ndipo girizi wosakanikirana ndi mchenga amanola chitsulo ngati mwala wonolera chikwanje.

Girizi ndi oyilo amene wagwidwa mu sopo wapadera, monga madzi amakhalira m'chinkhupule. Zitsulo zikamakhudzana n'kutentha, oyiloyo amatuluka pang'onopang'ono n'kuzitereretsa. Ntchito yake yachiwiri, yomwe kuno kunyanja ndi yaikulu, ndi kudzaza mpata kuti mchenga ndi madzi zisapeze polowera.

Pogula werengani zolembedwa pachitini kapena pakatiliji, kachubu ka girizi kolowetsa mu pampu yopopera girizi. Mupeza zilembo za NLGI ndi nambala pambali pake, yosonyeza kulimba kwa girizi. Nambalazi zimayambira pa 000, yemwe ndi wamadzimadzi, mpaka 6 wolimba ngati sopo wa m'mbale. Wa thirakitala ndi nambala 2, wofewa ngati chiponde. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Monkey Bay kapena ku Makanjira, nambala 1 sachedwa kuyenderera. Nambala 0 ndi 00 amathiridwa m'magiyabokosi ena a zipangizo zokokedwa, ndipo pokhapokha buku la makinawo litanena choncho. Funaninso zilembo za EP, zomwe zimasonyeza kuti girizi ali ndi mankhwala omuthandiza kupirira pomwe zitsulo zikupanikizana kwambiri, monga pa mapini onyamula pulawo.

Kenako onani mtundu wa sopo uja. Wofala m'mashopu a sipeya paboma ndi wa lithium, ndipo kwa alimi ambiri lithium EP 2 amakwanira pafupifupi thirakitala yonse. Amayamba kusungunuka pa madigiri pafupifupi 190. Wa lithium complex amafika cha pa 260 ndipo amakhalitsa, choncho ngati thumba likulola, ndi amene ine ndingasankhe. Anzathu olima mpunga m'madambo, omwe kathirakitala kawo ka mawilo awiri kamaswera m'madzi ofika m'mawondo, afunse wa calcium sulfonate chifukwa madzi samutsuka msanga. Palinso wotuwa mwakuda wotchedwa moly. Ameneyu ndi katswiri pa mapini ndi mabushi oyenda pang'onopang'ono atasenza katundu wolemera, monga a chofosholo chakutsogolo, koma musamuike m'mabering'i othamanga ngati buku silinatero.

Za utoto ndiye musanamizidwe. Wogulitsa akakuuzani kuti wofiira ndiye wamphamvu kuposa wachikasu, dziwani kuti utotowo amachita kuthiramo ku fakitale. Ndipo girizi wopimidwa ndi supuni pamsika, womangidwa m'kajumbo, musiyireni wa njinga yakabaza. Simudziwa mtundu wake, simudziwanso kuti wakhala pafumbi masiku angati.

Mukasankha mtundu umodzi, khalani nawo. Girizi wa sopo wosiyana akakumana m'bering'i imodzi, mwachitsanzo wa lithium ndi wa polyurea kapena wopangidwa ndi dongo, nthawi zina amasungunuka n'kutayika, nthawi zina amauma n'kutseka njira. M'makalabu zimachitika kawirikawiri chifukwa lero wagula ndi msungichuma, mwezi wamawa wagula ndi dalaivala. Lembani dzina la girizi wanu m'kaundula wa kalabu. Zikavuta kuti musinthe, popani watsopanoyo mpaka wakale yense atatuluka, ndipo masabata oyamba muzipopa pafupipafupi.

Tsopano kapakidwe. Imitsani thirakitala pamalo osalala, tsitsani pulawo kapena hara pansi, zimitsani injini ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu. Shafiti ya PTO, yomwe imapereka mphamvu ya injini ku zipangizo zolumikizidwa ku thirakitala, imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi, ikakola malaya kapena chitenje simupeza mpata woitana munthu. Tengani kansanza koyera mupukute nipo iliyonse musanalumikize pampu ya girizi. Ambiri amadumpha apa, koma kamchenga kali pamutu pa nipo kamakankhidwira mkati ndi girizi yemweyo. Pukutaninso kukamwa kwa pampu, ndipo potulutsa koyamba tayirani pakansanza.

Pa mapini ndi mabushi popani mpaka girizi wakale wakuda atatuluka m'mbali, watsopano n'kuyamba kuonekera. Nthawi zina mudzaona timadontho ta madzi tikutsogola, ndiye kuti mwafika pa nthawi yake. Pa pini yaikulu ya ekiselo yakutsogolo, kwezani thirakitala ndi jeke kuti kulemera kuchoke, apo ayi girizi amangodutsa pamwamba osafika pansi pomwe pakudyeka. Pa mtanda wa shafiti ya PTO, kachitsulo ka nsonga zinayi ka pomwe shafitiyo imapindikira, yang'anitsitsani kuti watulukira m'makapu onse anayi. Pomwe pali bering'i yotsekedwa ndi labala, dzanja lipepuke: kawiri kapena katatu basi. Pampu yamanja ili ndi mphamvu yoposa momwe imaonekera, imaphulitsa labala uja, ndipo akang'ambika mchenga umalowa mwaufulu. Mphamvu yomweyo ikhoza kulowetsa girizi pansi pa khungu, choncho musayese pampu pachala. Mukamaliza pukutani wotsalira kunja.

Nipo ikakana kulandira musalimbane nayo. Imasuleni ndi sipanala, muiviike mu parafini, muone ngati kampira kachitsulo ka pamutu pake kakuyenda. Ikakanikabe gulani ina, mutatenga yakaleyo kushopu chifukwa mazinga ake amasiyana. Mtengo wa nipo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pini ndi bushi, osawerengera masiku omwe thirakitala idzakhale pa mwala mvula yoyamba itagwa kale, sipeya akudikiridwa kuchokera ku Blantyre. Pampu ikamangopuma mpweya osatulutsa kanthu mutangoika katiliji yatsopano, masulani mutu wake pang'ono kuti mpweya uthawe, kenako mangani.

Kodi kangati? Mabuku a Massey Ferguson, Kubota, Mahindra ndi ena amawerengera maola a ntchito, osati masiku, ndipo buku la makina anu ndilo loyamba kulimvera. Mabuku ambiri amati mapini a chofosholo ndi mitanda ya PTO azipakidwa pa maola 8 mpaka 10, kutanthauza tsiku lililonse la ntchito, pomwe ziwalo za chiwongolero ndi ekiselo yakutsogolo ndi pa maola 50. Ine ndimauza alimi a m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire kuti maola 50 aja awadule pakati nthawi yolima pouma, fumbi likamachita kuphimba dalaivala. A kumtunda ku Namwera, komwe kuli kozizirirapo, akhoza kutsata buku momwe lilili. Tsiku lomwe mwalowa m'madzi, mwawoloka mtsinje kapena mwatsuka makina, popani madzulo omwewo zitsulo zikadali zofunda, madzi asagone mkati n'kuyambitsa dzimbiri.

Makatiliji a magalamu 400 asungidwe choimirira m'nyumba yozizira, osati pansi pa malata otentha pomwe oyilo amalekana ndi sopo wake. Chitini chizikhala chotseka, chotapira chake chikhale chimodzi chaukhondo. Ku kalabu ya ku Malombe ija tinawerenga manipo onse limodzi ndi dalaivala, ena tinachita kuwafukula m'matope ndi waya, ndipo tinadontheza penti wofiira pambali pa iliyonse. Chiwerengerocho anachilemba ndi khala pakhoma la shedi, kuti akamapopa aziwerenga mpaka chikwane.