Momwe mungalosere malikisi ndi malonda a gemu yatsopano musanaike ndalama pamsika wa maulosi

Pamisika ya maulosi ya pa intaneti anthu amagulitsana mayankho a mafunso ngati awa: kodi gemu yakutiyakuti ipeza malikisi 85 pa Metacritic, webusaiti imene imaphatikiza malikisi a owunika magemu? Kodi igulitsa makope 5 miliyoni mwezi usanathe? Mtengo wa yankho lakuti "inde" umayendayenda pakati pa 1 ndi 99. Ukakhala pa 62, ndiye kuti anthu ambiri akuona kuti mwayi ndi 62 pa 100. Mukagula pa 62 zinthu n'kuchitikadi, mumalandira 100. Zikakanika, 62 yanu yalowa m'madzi. Ntchito yanu ndi kupeza pamene anthuwo aphonya mtengo.

Yambirani kumene sikufuna ndalama zenizeni. Msika wa maulosi wa Manifold umagwiritsa ntchito ndalama zoseweretsa zotchedwa mana. Pa mpikisano wa pa intaneti wa Fantasy Critic mumasankha magemu a chaka chonse asanatuluke, ndipo kawirikawiri gemu imakupatsani malikisi ake a pa OpenCritic, webusaiti ina yonga Metacritic, kuchotsapo 70: yopeza 84 ikupatsani 14, yopeza 64 ikulandani 6. Chaka chimodzi cha zimenezi chimaphunzitsa zambiri popanda kuvutika n'kusaka madola.

Malikisi: yambani ndi mbiri ya opanga

Musayambe ndi kanema wotsatsa, chifukwa amapangidwa n'cholinga choti akukopeni. Tengani magemu atatu omaliza a kampani imene ikupanga gemuyo ndi manja ake, osati imene ikungoigulitsa, n'kuona malikisi ake. Elden Ring isanatuluke pa 25 February 2022, mbiri ya opanga ake a FromSoftware pa PlayStation 4 inali yotere: Bloodborne 92, Dark Souls III 89, Sekiro 90. Munthu wanzeru akanayambira pa 90, n'kusiya mpata wa malikisi asanu kumwamba ndi asanu kumunsi. Inapeza 96, kunja pang'ono kwa mpatawo, ndipo n'chifukwa chake simulosera nambala imodzi. Lembani motere: mwayi woposa 85 ndi wakuti, woposa 90 ndi wakuti, woposa 95 ndi wakuti. Magemu aakulu ambiri amagwera pakati pa 70 ndi 90. Opitirira 95 ndi owerengeka, choncho wina akamagula "inde" wa 95 pa mtengo wokwera chifukwa chongokonda gemuyo, inu khalani mbali ya "ayi".

Mukatero onjezani kapena chotsani potengera zizindikiro. Chachikulu ndi tsiku limene kampani yalola owunika kutulutsa ndemanga zawo, limene amalitcha embargo. Ikawapatsa gemu msanga n'kuwalola kuyankhula kudakali sabata yathunthu, ndiye kuti ikudzidalira. Ikawatseka pakamwa mpaka tsiku logulitsa, chotsanipo malikisi angapo. Si lamulo losasweka ayi: Doom ya 2016 sinatumizidwe kwa owunika isanatuluke, komabe inapeza 85. Onaninso ngati mtsogoleri wa ntchitoyo wachoka pakati panjira, ngati tsiku lasunthidwa kangapo, ndiponso ngati amene anailawa akudandaula zoti ikumagwiragwira.

Malikisi oyamba sakhalitsa. Metacritic imaonetsa nambala ikangolandira ndemanga zinayi, ndipo kawirikawiri amene amayamba kulemba ndi amene gemuyo yawasangalatsa. Ochedwa amakhala okhwimitsa. Cyberpunk 2077 ya pakompyuta inayambira pa 91 n'kudzakhazikika pa 86. Pa ola loyamba mtengo umalumpha mosaganiza, ndipo mpata umapezeka pomwepo. Nthawi ya embargo kawirikawiri imalembedwa ya ku America: 8 koloko m'mawa ku Los Angeles ndi 5 koloko madzulo kuno, kapena 6 koloko kuyambira kumayambiriro kwa November mpaka chapakati pa March. Bando ikhale yokwanira nthawi imeneyo isanafike.

Werengani funso mpaka kumapeto, kawiri

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimathera, ndipo amene amaluza apa nthawi zambiri amakhala kuti gemuyo anaidziwa bwino. Chimawagwetsa ndi kusadziwa kuti ndi nambala iti imene idzawerengedwe. Pansi pa funso lililonse pamakhala timalemba tofotokoza mmene nkhani idzagamulidwire. Musagule musanapezemo zinthu zinayi: makina ake, webusaiti yake, tsiku lake, ndi mtundu wa nambala.

Makina poyamba. Metacritic imapereka malikisi osiyana pa makina alionse. Cyberpunk 2077 yomwe ija, imene inatuluka pa 10 December 2020, inapeza 86 pakompyuta, 61 pa Xbox One, ndi 57 pa PlayStation 4. Gemu imodzi, kusiyana kwa malikisi 29. Owunika anapatsidwa ya pakompyuta yokha isanatuluke, ndipo ya PlayStation 4 inali yowonongeka moti patangotha sabata imodzi Sony inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti. Amene akanagula "iposa 80" osaona kuti funso likunena makina ati, akanalondola pa gemu koma n'kuluza pa msika. Kampani ikabisa mtundu wina wa gemu, vuto limakhala pomwepo.

Webusaiti nayo. OpenCritic imaphatikiza makina onse pamodzi n'kutenga avereji wamba. Metacritic imalemeretsa mawu a nyumba zina zofalitsa nkhani kuposa zinzake, ndipo siulula kuti ndani akulemera bwanji. Mukawerengera nokha ndemanga zonse mutha kupeza 85, iwo n'kulemba 84. Kamaliki kamodzi si kochepa: Fallout: New Vegas ya 2010 inapeza 84, ndipo opanga ake a Obsidian anaphonya bonasi imene inkafuna 85. Pamsika ndi chimodzimodzi, "85 kapena kuposera apo" ndi "kuposa 85" ndi mafunso awiri osiyana. Samalaninso kusakaniza malikisi a owunika ndi a osewera wamba. The Last of Us Part II inapeza 93 kwa owunika mu 2020 pamene anthu okwiya ankaithira maziro patangopita maola ochepa itatuluka, mpaka Metacritic inakhazikitsa lamulo loti osewera azidikira maola 36 asanalembe.

Tsiku ndiye lachidziwikire: funso lotsekedwa tsiku la embargo limagamulidwa ndi malikisi okwera aja, lotsekedwa patatha milungu iwiri limagamulidwa ndi otsika.

Kumbali ya malonda, mawu oti "yagulitsa" amabisa zinthu zitatu. Pali makope amene kampani yatumiza ku mashopu, amene m'malipoti amalembedwa "shipped" kapena "sold-in". Ena mwa iwo amakhala akadali pashelefu. Pali amene afikadi m'manja mwa ogula, "sell-through". Ndiye pali "players", kutanthauza aliyense amene anangoitsegula, kuphatikizapo olipira Game Pass, ndondomeko ya Xbox yosewera magemu ambiri polipira pamwezi, amene sanaigule n'komwe. Kampani ikalengeza osewera mamiliyoni osatchula makope, muziona kuti nambala ya malonda siyokoma kuitchula. Funso lonena za makope ogulitsidwa silingagamulidwe ndi chilengezo chotere, ndipo muyenera kudziwiratu chimene chidzachitike kampani ikangokhala chete. Misika ina imawerenga kukhala chete ngati "ayi", ina imabweza ndalama.

Owerengera odziimira paokha nawonso ali ndi malire awo. Circana, imene kale inkadziwika kuti NPD, imatulutsa mndandanda wa ku United States umene umasanja magemu potengera madola, osati makope; gemu ya madola 70 itha kuposa ya madola 40 imene yagulitsa makope ochuluka. Nintendo sipereka ku Circana manambala a magemu ake ogulidwa pa intaneti, choncho magemu ake amaoneka otsika kuposa mmene alili. Famitsu imatulutsa manambala a ku Japan sabata iliyonse, koma a m'mabokosi okha. Funso likatchula limodzi la mabungwewa, losani zimene bungwelo lidzalembe, osati zimene zikuchitika padziko lonse.

Kuyerekeza malonda

Pezani magemu awiri kapena atatu ofanana nayo pa mtundu, mtengo ndi makina, amene manambala ake analengezedwa ndi eni ake. Malipoti a makampani ngati Nintendo, Capcom ndi Take-Two amatuluka miyezi itatu iliyonse ndipo ndi aulere. A ku Japan ambiri chaka chawo cha ndalama chimatha pa 31 March. Zolinga zimene kampani yadziikira muziwerenge ngati poyambira chabe: Bandai Namco, kampani yogulitsa gemuyo, inkayembekezera makope 4 miliyoni a Elden Ring pofika kumapeto kwa March 2022, koma pakati pa mweziwo anali atakwana kale 12 miliyoni.

Gemu ikatuluka pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pakompyuta, webusaiti ya SteamDB imakuonetsani ulere anthu amene akusewera pa nthawi imodzi. Black Myth: Wukong inafika osewera 2.4 miliyoni nthawi imodzi mu August 2024 ndipo inagulitsa makope 10 miliyoni m'masiku atatu. Mwezi womwewo Concord inalekezera pa osewera 697, ndipo pa 6 September Sony inaitseka. Nambala ya Loweruka ndi Lamlungu loyamba imanena zambiri kuposa mawu alionse a kampani. Njira ina yachidule ndi kuchulukitsa ndemanga za pa Steam ndi nambala ya pakati pa 30 ndi 60: ndemanga 20,000 zikupatsani makope pakati pa 600,000 ndi 1.2 miliyoni. Mpatawo ndi waukulu, ndipo ndi wa Steam yokha, choncho ugwiritseni ntchito pokana zosatheka basi.

Chenjerani ndi mawebusaiti amene amalipiritsa madola pamwezi kuti akupatseni "malonda enieni". Ambiri amangochita masamu omwewa n'kuwaveka suti. Kuchokera mu April 2018, pamene Valve, kampani imene ndi mwini wa Steam, inabisa mndandanda wa magemu a munthu aliyense, manambala a akunja onse ndi ongoyerekeza. Amene amagulitsa "malikisi otuluka mobisa" pa Telegram ndiye musawapatse ngakhale tambala.

Musaganize kuti malikisi abwino ndiwo malonda abwino. Call of Duty: Modern Warfare III inapeza 56 mu 2023 koma inakhala yachiwiri pa magemu ogulidwa kwambiri ku United States chaka chimenecho, kumbuyo kwa Hogwarts Legacy imene malikisi ake anali m'ma 80. Titanfall 2 inapeza 89, koma inatuluka pa 28 October 2016, pakati pa Battlefield 1 ndi Call of Duty: Infinite Warfare, n'kupanikizika. Dzina lodziwika, tsiku lotulukira ndi mtengo zimakoka ogula kuposa owunika.

Kugula ndi kulemba

Lembani nambala yanu musanayang'ane mtengo wa pamsika. Gulani pokhapokha ngati kusiyana kwafika 10: inu mukuti 75, msika ukuti 62. Pa funso limodzi musaike zoposa 5 pa 100 za zimene muli nazo, ndipo mafunso atatu a gemu imodzi muwawerenge ngati limodzi. Pamsika wa anthu ochepa, kugula kwanu komwe kumakweza mtengo, ndiye gulani pang'onopang'ono. Mtengo ukafika pa nambala yanu gulitsani, osadikira chigamulo.

M'kope lanu mukhale mizere isanu: funso, nambala yanu, mtengo umene munagulira, chifukwa chake, ndi zotsatira. Mafunso akakwana 30, tengani onse amene munati mwayi ndi 70 muwerenge ngati asanu ndi awiri pa khumi alionse anachitikadi. Akapezeka asanu okha, tsitsani manambala anu onse ndi 10, makamaka a magemu amene mumakonda kusewera.