Momwe mungawerengere atomu pa periodic table ndi nyemba ndi chimanga

Ophunzira ambiri akangoona periodic table, tchati cha mitundu yonse ya maatomu, amayamba kuloweza mabokosi onse 118 ngati ndakatulo. Musadzivutitse. Bokosi lililonse lili ndi manambala awiri, ndipo mukadziwa kuwawerenga, mafunso ambiri a Chemistry okhudza atomu mumawayankha osaloweza. Tengani mbale, nyemba zodzaza dzanja, chimanga ndi timiyala. Tiyesere ndi sodium, amene ali mu mchere wothira m'ndiwo.

Choyamba, pezani nambala yaing'ono. Matchati ena amaiika pamwamba, ena pansi, ndiye musayang'ane malo, yang'anani kuchepa kwake. Pa sodium ndi 11. Imeneyi ndi atomic number, kuchuluka kwa mapulotoni, tizidutswa topezeka pakati pa atomu. Ikani nyemba 11 m'mbale, mbaleyo ikhale nucleus, pakatikati pa atomu. Nambalayi ndiye dzina lenileni la atomu. Mukachotsa nyemba imodzi, mwapanga neon. Mukawonjezera imodzi, ndi magnesium.

Chachiwiri, nambala yaikulu ija, 23, ndi mapulotoni ndi manyutuloni kuphatikiza. Chotsani 11 pa 23, patsala manyutuloni 12, tizidutswa tina ta mu nucleus. Thirani njere 12 za chimanga m'mbale momwemo.

Chachitatu ndi maelekitironi, tizidutswa tozungulira nucleus. Atomu yosataya kapena kulandira kanthu imakhala ndi maelekitironi ofanana ndi mapulotoni, choncho werengani timiyala 11. Ikani mbale pansi, jambulani mizere yozungulira ndi chala. Mzere wapafupi umalola timiyala 2 basi, wachiwiri 8, wachitatu 8. Lamuloli likuthandizani mpaka pa calcium, nambala 20. Kwa sodium mupeza 2, 8, 1.

Tsopano bwererani ku tchati. Mizere itatu mwajambulayo ikutanthauza period 3 (mndandanda wachitatu wopingasa pa tchati), kamwala kamodzi kakunjako kakutanthauza group 1 (mndandanda woyamba wotsika). Chlorine ndi 2, 8, 7, akusowa kamodzi kuti mzere udzaze. Sodium amamupatsa kake kaja, onse nkukhazikika, ndiye mchere umenewo.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa chlorine pomwepo. Tchati chimalemba 35.5, wophunzira nkuchotsapo 17 nkulemba kuti manyutuloni ndi 18.5. Theka la nyutuloni kulibe. Chlorine alipo wa mitundu iwiri. Ikani nyemba 17 m'mbale ziwiri. Ina muthiremo chimanga 18, ndiye chlorine-35. Inayo muthiremo 20, ndiye chlorine-37. Nyemba n'zofanana, chimanga n'chosiyana: amenewa ndiye ma isotope. Pa maatomu anayi alionse a chlorine, pafupifupi atatu ndi a 35, imodzi ndi ya 37. Phatikizani 35, 35, 35 ndi 37, mupeza 142. Gawani ndi 4, yankho 35.5. Pa mayeso akakupatsani maperesenti, njira ndi yomweyo: 35 kuchulukitsa ndi 75, 37 kuchulukitsa ndi 25, phatikizani, gawani ndi 100.

Yeserani nokha ndi uranium wa ku Kayelekera m'boma la Karonga, koma papepala, nyemba zingakuthereni. Mapulotoni ndi 92. Uranium-238 ali ndi manyutuloni 146, uranium-235 ali ndi 143. Wa 235 ndiye amene amafunidwa kwambiri popanga magetsi a nyukiliya, koma m'miyala yokumbidwayo safika ngakhale atomu imodzi pa 100 alionse.

Ngati mukukayikabe kuti nambala yaing'ono ndiyo ikulamulira, taonani argon ndi potassium. Argon ndi wolemererapo, 39.9, pamene potassium ndi 39.1, komabe argon ndiye ali patsogolo chifukwa ali ndi mapulotoni 18, mnzakeyo 19. Dmitri Mendeleev wa ku Russia, pokonza tchati chake mu 1869, ankatsata kulemera, poti mapulotoni anali asanadziwike. Tchati chimene chili pakhoma la kalasi lero chimatsata nyemba.